Kalembera wa Mbalame za Mfumu Chikhazikike

Mukadutsa mapiri onse amene mumawadziwa mayina, n'kuwoloka mtsinje umene mlatho wake anautsegulira kawiri koma sanaumange, mufika m'dziko la Tavomera. Kumeneko zinthu sizichepa. Lamulo limaletsa. Chilowereni ufumu Mfumu Chikhazikike Wachiwiri, mvula sinachepepo, chimanga sichinachepepo, ndipo ngakhale tsitsi la mfumuyo, limene aliyense amaona kuti linathawira kunkhongo, m'mabuku a boma likuchulukabe chaka ndi chaka.

M'dzikomo muli chigwa chotchedwa Mtsikira, m'munsi mwa phiri la Mthunzi. Dzinali linabwera ndi mbalame. Chisanu chikafika, mwezi wa Juni, pamwamba pa phiri pamazizira mpaka udzu kuchita mbuu, ndiye mbalame za m'nkhalango zimatsikira kuchigwa kudzaothera dzuwa ndi kutola mapira. Makolo ankazitcha alendo a mfumu, ndipo ankaziwerenga kuti adziwe chakudya choti azisiyire.

Ntchito yowerengayo inali ya Nachanza, mayi wamfupi wa zaka makumi asanu, wa maso ofiira ndi mphepo ya m'mamawa. Anaiphunzira kwa bambo ake. Mtundu uliwonse wa mbalame unali ndi nsupa yake: ya apumbwa, ya njiwa, ya asongwe, ya anthengu, ya atimba, ndi ina yaing'ono yopaka utoto wofiira, ya nkhulukulu, mbalame ija ya mapiko ofiira imene nthenga zake mfumu imasomeka pachisoti. Ukaona mbalame imodzi, uponya njere imodzi ya khobwe m'nsupa yake. Tsiku lomaliza nsupazo amazikhuthula pa Thanthwe la Alendo, anthu onse akuona, ndipo pa njere iliyonse chigwa chimapereka ngala imodzi ya mapira. Ngalazo amaziunjika pathanthwepo, mfumu n'kuponya yoyamba, n'kunena kuti, "Alendo anga, idyani." Kuchokera pamenepo muluwo ndi wa mbalame zowerengedwa. Munthu saukhudza, ndipo womenya mlendo wa mfumu pathanthwe amapitikitsidwa m'dziko. Zotsala pakapita masiku atatu zimapita kunkhokwe ya mfumu.

Kale sikunkatsala kanthu. Koma phiri la Mthunzi mfumu inalipereka kwa mlamu wake kuti alisamale, ndipo mlamuyo analisamala ndi macheka mpaka linatsala ngati mutu wa munthu amene wameta maliro. Mthunzi unangotsala m'dzina. Mbalame nazo, poti sizinawerenge lamulo, zinayamba kuchepa.

Zaka zonsezo Nachanza ankakhuthula njere zoona. Akatero, Nduna ya Zouluka, a Pukutani, ankaimirira n'kuwonjezapo ndi pakamwa mbalame zimene "zikadali m'njira". Nachanza ankangoyang'ana zala za kumapazi ake. Ankadziuza kuti ngala ndi ngala basi, palibe amene angagone ndi njala chifukwa cha bodza la ngala imodzi.

Chaka chimene tikunenachi anayenda chigwa chonse kuchokera kumagwero a mtsinje mpaka kudambo, kawiri, poganiza kuti mwina maso ayamba kumunamiza. Anapeza mbalame 614. Ananyamula nsupa zake zikungolira tchekecheke, kupita ku likulu, ku Khalachete, kukaonetsa bwalo.

Anaipeza mfumu itafunda mabulangete awiri, mbaula ili kumapazi, nduna zitaizungulira ngati ana a nkhuku. Inali itangomaliza kulankhula, ndipo mlembi anabwereza mawuwo kuti mayi wa kuchigwayo amve. Choyamba, chino chinali chaka cha makumi awiri cha ufumu, ndipo mfumu, chifukwa chokonda mbalame, inaona kuti ngala imodzi ndi chipongwe kwa mlendo. Kuyambira chaka chino mbalame iliyonse ilandira lichero lodzaza. Chachiwiri, kubwera akazembe a dziko loyandikana nalo la Tikuonani, anthu ansanje amene akhala akufalitsa mphekesera yoti phiri linameta. Choncho zowonjeza ndi pakamwa sizigwira. Njere zioneke pathanthwe. Chachitatu, poti chaka chatha zinali zikwi zisanu ndi zitatu, chaka chino zikhala zikwi zisanu ndi zinayi.

"Ndiye mwapeza zingati, mayi?" inafunsa mfumu.

"614, Mwinidziko."

"Mwati zikwi zingati?"

"Chikwi palibe, Mwinidziko. 614. Nkhulukulu ndi imodzi, nayonso yothothoka mchira."

 Makala a m'mbaula okha ndiwo analimba mtima n'kuthetheka.

A Pukutani anadzuka. Anali munthu wonenepa bwino, wa milomo yowala nthawi zonse ngati wangochoka pa nyama. "Mwinidziko, mayiwa asatiopse. Awerenga mbalame za m'mitengo zokha. Kumeneko ndi kuwerenga kwachikale, kwa anthu osayenda. Ndifunse bwalo lino: nkhuku ili ndi mapiko kapena ilibe?"

Bwalo linakambirana mozama n'kupeza kuti ili nawo. Analowetsa nkhuku zonse za m'chigwa. Analowetsa abakha, nkhunda ndi nkhanga zoweta. Analowetsa mileme ya m'denga la sukulu. Nduna ina yokalamba inadandaula kuti mleme uli ndi mano, koma anaiyankha kuti imeneyo ndi nkhani ya mlemewo ndi banja lake. Ataphatikiza zonse anafika pa zikwi zitatu, n'kuima. Wina anatchula udzudzu, koma anamukumbutsa kuti m'chisanu nawonso suoneka.

Nachanza anali atagwada nthawi yonseyi, mawondo akuphwanya pasimenti, ndipo m'mutu mwake sankaona mbalame. Ankaona malichero. Mvula chaka chimenecho inaduka mu Febuluwale, chimanga chinapserera, anthu anatsala ndi mapira okha. Malichero zikwi zisanu ndi zinayi anali oposa theka la zonse zimene chigwa chinakolola. Ndipo poti mbalame 614 sizingathe mulu wotere ngakhale zitadya mpaka kuphulika, zotsalazo aliyense m'bwalomo ankadziwa kumene zikupita. 

"Ndiye mungowerenga ndi ife tomwe," anatero. "Miyendo tili nayo iwiri. Timadzuka kusanache, timadya zotola, ndipo tikalira palibe amene amafunsa kuti tikuti chiyani."

Atangonena anadikira asilikali. Sanabwere. A Pukutani anali atatsegula pakamwa ngati munthu amene waona masomphenya.

"Mlembi, ku Mtsikira kuli anthu angati?"

"Zikwi zisanu ndi chimodzi, bwana."

A Pukutani anawerenga zala zawo, n'kuomba m'manja kamodzi. Dzuwa lisanapendeke lamulo linali litalembedwa: M'dziko la Tavomera, mbalame ndi cholengedwa chilichonse cha miyendo iwiri chimene chimadzuka kusanache, chimadya zotola, ndipo kulira kwake sikufuna yankho.

Pakhomo ndunayo inamupatsa Nachanza thumba la khobwe. "Mutu muli nawo, mayi, kungoti mumaubisa. Mukaponye njere pa munthu aliyense."

"Ndikakana?"

"Mukakana nsupa tipatsa mphwanga. Mnyamata ameneyo amawerenga mofulumira, akhoza kutipezera zikwi makumi awiri asanadye m'mawa. Sankhani nokha."

Nkhani inafika ku msika wa Pirirani, ku Mtsikira, Nachanza asanafike. Atangotsika pa ngolo ndi thumba lake pamutu, wosoka nsapato pachipata anamuimbira mluzu.

"Mwafika, a kalembera? Ine mwandiika nsupa iti? Ngati n'kotheka mundiike kwa anthengu, suti yakuda ndili nayo kale."

"Amuna anga muwaike kwa akhwangwala," anatero mayi wina wa tomato, osaseka. "Sipafunika n'kuwayang'ana komwe."

"Nanga apongozi anga, poti mwendo wina anadula kuchipatala, ndi mbalame kapena akadali munthu?" anafunsa wina.

Nachanza anadutsa mpaka anafika pansi pa khonde pamene mlamu wake Nasibeko ankaotcha mbatata. Nasibeko anali mkazi wa malemu mchimwene wake, ndipo ankalera zidzukulu zinayi ndi mbatata yomweyo komanso kamunda ka mapira kumtunda kwa dambo. Sanamupatse moni. Anangomukankhira chitini choti akhalepo.

"Alamu, mwatigulitsa ndi pakamwa panu."

"Ndimanyoza ine. Sindinadziwe kuti atola."

"Kubwalo kuja amatola chilichonse chimene chagwa pansi, inu simudziwa? Zaka zonsezi munali chete. Tsiku limodzi lokha limene mwatsegula pakamwa, tonse tamera nthenga." Anatembenuza mbatata ndi zala, osamva kutentha. "Pakhomo panga akuti malichero asanu ndi atatu. Ndawerenga m'nkhokwe muja, alipo khumi ndi atatu. Mundiuze inu odziwa kuwerenga, ana aja afika nawo mwezi uti?"

Nachanza anawerenga miyezi pa zala, ndipo dzanja limodzi silinathe.

"Idyani iyi, yapsa kwambiri, sindingagulitse," anatero Nasibeko, n'kumuponyera mbatata pamiyendo. "Bola mbalame zenizenizo, amaziitana mwaulemu, alendo anga idyani. Ife mbalame za papepala, yathu ndi kusenza basi."

Nachanza anali atayamba kusenda mbatata ija. Anasiya.

"Mwati chiyani, alamu?"

"Ndati yapsa."

"Ayi, zinazo."

"Zoti ife sationa ngati alendo? Nanga ndanama?"

Nachanza anayang'ana utsi. Mawu a mwambo anawaloweza ali mtsikana, atanyamula nsupa kumbuyo kwa bambo ake, ndipo anawabwereza chamumtima kawiri kuona ngati pali pamene akuti mbalameyo ikhale ya nthenga. Panalibe. Amangoti zowerengedwa.

"Alamu, dengu lanu lalikulu lija lilipo?"

"Lobooka pansi."

"Mulisoke. Muuzenso anzanu asoke awo. Koma muwauze chapansipansi."

Kuyambira m'mawa mwake, Mtsikira anaona kalembera amene sanaonekepo. Nachanza anayenda khomo ndi khomo, kuitana munthu aliyense ndi dzina lake n'kumuonetsa njere yake isanalowe m'nsupa. Anawerenga odwala pamphasa. Anawerenga khanda la masiku atatu lisanatuluke m'chikuta. Apongozi a mwendo umodzi aja anawawerenga pamodzi ndi ndodo yawo kuti miyendo ikwane. Ena ankamutukwana, ena ankamutsekera zitseko, koma kumene Nasibeko anali atadutsa kale ankamulandira ndi nkhope zozizira bwino, n'kumukumbutsa kuti wasiya mwana wina amene wapita kudambo.

Kenako anatumiza mawu kwa a Pukutani, kupempha kuti lamulo lija lidindidwe chidindo cha mfumu, ndipo liwerengedwe pathanthwe akazembe akumva, kuti anthu ansanje aja asadzanene kuti Tavomera anawerenga mwakuba. A Pukutani anakondwa kwambiri. Anauza anzawo kuti ngakhale mayi wa kumudzi, ukamuphunzitsa moleza mtima, amatha kukonda dziko lake.

Tsiku la thanthwe kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inakuta chigwa chonse, kamvula kosamveka kakunyowetsa anthu mpaka m'mafupa. Mulu wa mapira unali utaunjikidwa dzulo lake, wofiira, wautali kuposa denga la tchalitchi. Kumbuyo kwake kunali ngolo khumi ndi ziwiri za kunyumba ya mfumu, zimene zinangopezeka kuti zikudutsa. Mfumu inakhala pampando itafunda mabulangete atatu, nthenga zofiira zili pachisoti, zakalekale, zina zodyeka ndi njenjete. Pambali pake panali akazembe awiri a ku Tikuonani, wamkulu wa iwo ali ndi kabuku ndi cholembera. Nkhungu ikang'ambika pang'ono, phiri linkasuzumira ndi mutu wake wometa, ndipo nthawi iliyonse likatero nduna zinkaloza akazembewo mbali ina.

A Pukutani anawerenga lamulo ndi mawu a m'mimba, n'kuonetsa chidindo mbali zonse zinayi. Nachanza anakhuthula nsupa. Njere zinayenderera pathanthwe, alembi atatu anaziwerenga, ndipo zinakwana zikwi zisanu ndi zinayi, n'kupitirirako khumi ndi zinayi. Bwalo linaomba m'manja. Mfumu inaimirira, inatola ngala imodzi n'kuiponya.

"Alendo anga, idyani."

Kunatera apumbwa asanu ndi njiwa ziwiri.

Anthu anadikira. Njiwa imodzi inajompha kawiri n'kuuluka. Kazembe wamkulu anatsokomola mwaulemu.

"Pepani, a nduna, zinazo zili kuti?"

"Zikadali m'njira," anatero a Pukutani, chifukwa pakamwa pawo panazolowera.

"Zafika, bwana," anatero Nachanza. Anaika zala ziwiri pakamwa n'kuimba mluzu wautali umene bambo ake ankaitanira nkhulukulu.

Mu nkhungu munayamba kumveka mapazi. Anatulukira Nasibeko, dengu losoka kumene lili pamutu, zidzukulu zinayi zikumutsata ndi malichero. Anatulukira wosoka nsapato atavala suti yake yakuda. Anatulukira mayi wa tomato ndi amuna ake, apongozi a ndodo, amayi obereka makanda, ena atakwapatira nkhuku zawo m'khwapa poti nazonso zinali ndi njere pathanthwe. Sanathamange, sanaimbe, sanakuwe. Anangobwera mudzi ndi mudzi, n'kuzungulira mulu, n'kuyamba kuwola.

Asilikali anakweza zibonga.

"Tsitsani, ana anga," anatero Nachanza. "Womenya mlendo wa mfumu pathanthwe pano mukudziwa kumene amagona."

Zibonga zinaima m'mwamba, zikuyang'ana kwa nduna.

"Mwinidziko, awa ndi anthu!" anakuwa a Pukutani. "Ndi akuba awa. Munthu saukhudza mulu, mwambo umatero."

Nachanza anagwada pamaso pa mfumu, manja pamodzi, monga anaphunzitsidwira. 

"A nduna akunena zoona, Mwinidziko, munthu saukhudza. Ngati awa ndi anthu, mungolamula, ndichotse njere zawo. Sizivuta, ndikuzidziwa ndi mayina omwe. Kungoti ndikachotsa zikwi zisanu ndi chimodzi, akazembewa mwina afunsanso za nkhuku. Akafunsa za nkhuku afunsa za mileme. Ndiye titsala ndi zija ndinakuuzani kubwalo zija. Ndizitchule pano?"

Kazembe uja anali atanyambita nsonga ya cholembera chake.

Mfumu inayang'ana mulu. Inayang'ana ngolo zake. Inayang'ana kabuku ka kazembe. Pa nthawi yomweyo, mopanda ulemu, nkhungu inayalula, ndipo phiri lonse linaonekera kuchokera pansi mpaka pamwamba, zitsa zokhazokha. Zaka makumi awiri za zinthu zosachepa zinali zitakhala pa lilime la munthu mmodzi.

"Ndi mbalame," inatero mfumu, mawu ali m'bulangete.

"Pepani, Mwinidziko, mphepoyi. Akazembe sanamve," anatero Nachanza.

"Ndati ndi mbalame. Zidye."

A Pukutani anathamangira pa mulu n'kugwira dengu la Nasibeko. "Chabwino, zidye, koma zidyere pompano. Mbalame ya kuti imene imanyamula dengu?"

"Zamakono zimanyamula, bwana," anatero Nasibeko, akupitiriza kulonga. "Inu mukudziwa zachikale, za anthu osayenda. Tandisenzani, tili ndi ana kuchisa."

Ndipo poti akazembe ankayang'ana, Nduna ya Zouluka inamusenza.

Pofika masana thanthwe linali loyera. Banja lililonse linatenga malichero amene linabwera nawo, n'kusiya ngala imodzi imodzi m'mphepete, ya apumbwa ndi anzawo, monga zinkakhalira kale. Ngolo khumi ndi ziwiri zija zinapitiriza ulendo wake wongodutsa, zopanda kanthu. Kazembe analemba masamba anayi, ndipo potsanzika anauza mfumu kuti sanaonepo dziko limene mbalame zake zimapereka moni.

M'mabuku a boma chaka chimenecho chinalembedwa kuti chinali chopambana zonse: alendo anabwera ochuluka kotero kuti sanasiye ngakhale ngala imodzi ya kunkhokwe ya mfumu. Nkhani ya lichero anaisiya mwakachetechete, chifukwa akatswiri anapeza kuti kudya kwambiri kumawononga mapiko. A Pukutani anawakweza kukhala Nduna ya Zosambira, ndipo asodzi a m'dzikomo akuti ayamba kale kusoka madengu.

Nachanza anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, asanachoke pathanthwe. Chifukwa chake chinali chomveka: njere yake nayenso inali pa mulu wa njere zija, ndipo mbalame siingawerenge mbalame zinzake. Nsupa zonse anapatsa mphwake wa nduna, kupatula kansupa kaja kofiira, kamene mnyamatayo anakagwedeza n'kukaponya pansi, ati kakang'ono kwambiri, sikangakwane ziwerengero za masiku ano.

Anakatola, n'kutsika kulowera kwawo, dengu lake la mapira lili pamutu. Nasibeko anali patsogolo, akukalipira zidzukulu kuti zisataye ngala m'njira.

"Alamu, mubwere madzulo, tiphike," anakuwa osacheuka. "Koma mudye ngati mbalame, mwamva?"

Pa mtsinje panali mkuyu umodzi umene mlamu wa mfumu anausiya chifukwa sutuluka matabwa abwino. Nachanza atafika pamenepo anamva kulira kokhoyokhoyo m'masamba. Anatula dengu. Inali nkhulukulu yomwe ija, yothothoka mchira, ikudumpha nthambi ndi nthambi, ndipo itatambasula mapiko kufiira kwake kunawala pa nkhungu ngati khala la moto.

Dzanja linapita lokha pa mfundo ya chitenje. Munali mutatsala njere imodzi. Anaiponya m'kansupa kaja, inalira yokha m'menemo.

"Imodzi," anatero mokweza, ngakhale panalibe mlembi.

Anaima kanthawi akuyang'ana kuphiri, kuona ngati kuli ina m'njira. Kunalibe. Anasenza dengu lake n'kuwoloka.